Hachiko anadikira, nanga anthu aja anatani?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsapo m'kalasi mwanga, lero nkhani yathu ndi ya galu. Musaseke ayi. Ndikudziwa kuti kwathu kuno galu ndi dzina lotukwanira, moti ukangomuuza munthu kuti "galu iwe" mlandu wake umakathera kwa amfumu. Koma pali galu mmodzi wa ku Japan amene zaka zino walowa paliponse: pa asembule, m'kalasi ya Life Skills, pa WhatsApp, ngakhale mu ulaliki wa Lamulungu. Dzina lake ndi Hachiko. Ambiri a inu munamudziwira mu filimu ya ku America ya 2009 ija, yotchedwa Hachi: A Dog's Tale, mmene muli Richard Gere. Ndipo kulikonse kumene nkhani yake yakambidwa, mathero ake amakhala amodzimodzi: ana inu, khalani okhulupirika ngati Hachiko.

Ine mathero amenewa amandivuta. Sikuti ndimadana ndi kukhulupirika, ayi ndithu. Chondivuta n'chakuti eni nkhani, anthu a ku Japan, atapanga filimu yawo mu 1987 chala chawo chinaloza anthu amene anamuzungulira galuyo. Ife tikamaikamba timachitembenuza chalacho kuti chiloze ana. N'kosavuta kuuza mwana kuti akhale ngati galu. Chovuta n'kudzifunsa wekha ngati uli ngati a pulofesa aja, kapena ngati anthu ena aja amene ankangopatsirana galuyo ngati katundu wosowa mwini.

Tiyambe ndi zimene zinachitikadi, pakuti nkhani ikamayenda pakamwa imafufuma ngati mandasi. Galuyu anabadwa mu November 1923 pafupi ndi tauni ya Odate, m'chigawo cha Akita, kumpoto kwa Japan kumene kumazizira koopsa. Mtundu wa agalu amenewa umatchedwanso Akita: matupi akuluakulu, ubweya wambiri, mchira wopindikira pamsana. Mu January 1924 anamukweza sitima ali kamwana, ulendo wa ku Tokyo, kwa a Hidesaburo Ueno, pulofesa wa zaulimi pa Tokyo Imperial University, imene lero ndi University of Tokyo. Iwo anamupatsa dzina lakuti Hachi, kutanthauza nambala 8. Ka "ko" kakumapetoko ndi kamawu kosonyeza chikondi ndi kuzolowerana. Hachi ankaperekeza mbuye wake, ndipo madzulo ankakawachingamira pa siteshoni ya sitima ya Shibuya.

Pa 21 May 1925 a Ueno anagwa ali kuntchito, mtsempha wa mu ubongo utaphulika, ndipo anamwalira ali ndi zaka 53. Hachi anapitirizabe kupezeka pa siteshoni paja mpaka pamene anafa pa 8 March 1935.

Aphunzitsi a masamu atithandize apa. Kuyambira January 1924 mpaka May 1925 ndi miyezi 16 yokha. Kuyambira May 1925 mpaka March 1935 ndi zaka 9 ndi miyezi 9, kapena kuti miyezi 117. Ndiye kuti mwezi uliwonse umene galuyu anakhala ndi mbuye wake unabereka miyezi 7 ya kudikira. Ambiri amazizwa ndi 117 uja. Ine chondizizwitsa ndi 16. Kodi bambo amenewa anachita chiyani m'miyezi 16 yokha chimene chinakhalitsa chotere?

Pali mbali ina imene simveka pa asembule. A Ueno ankakhala ndi mayi Yaeko Sakano ngati banja kwa zaka pafupifupi 10, koma ukwati wawo sunalembedwe kuboma. Bambo atamwalira, lamulo silinawawerengere mayiwa, ndipo anayenera kutuluka m'nyumba muja. Inu a kuno sindikufunika kukufotokozerani za mayi wamasiye amene watsala ndi chitenje chokha. Zinatikwana mpaka Nyumba ya Malamulo mu 2011 inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, lopereka chilango kwa olanda katundu. Tsono mayi akasowa pokhala, galu wamkulu ngati mwana wa ng'ombe apita kuti? Hachi anayenda m'makomo angapo, kuphatikizapo ku Asakusa, mbali ina ya mzinda wa Tokyo, mpaka anakhazikika kwa a Kobayashi, bambo amene ankasamalira maluwa ndi mitengo pakhomo pa a Ueno. Kwawo kunali kufupi ndi Shibuya, ndipo Hachi ankachokera kumeneko popita ku siteshoni.

Musaganize kuti anthu a pa siteshoni ankamuombera m'manja. Kwa zaka zingapo anali galu wosokoneza basi, woimirira pakhomo pamene anthu akuthamangira sitima. Ankamupirikitsa, ana ankamuputa. Zinasintha mu October 1932, pamene nyuzipepala ya Asahi inalemba za iye, chifukwa cha khama la a Hirokichi Saito, amene anayambitsa bungwe loteteza mitundu ya agalu a ku Japan mu 1928. Kungotuluka m'nyuzipepala, galu yemwe uja ankamukankha dzulo anayamba kumubweretsera chakudya. Mu April 1934 anamuimikira chiboliboli cha mkuwa pa siteshoni pomwepo, chosema a Teru Ando, mwini wake ali moyo ndipo analipo pa mwambowo. Chaka chomwecho anaonekeranso pang'ono mu filimu ya a Kajiro Yamamoto. Ndimaseka ndikamaganiza zimenezi, chifukwa ndi mmene zimakhaliranso mwana akakhoza bwino MSCE n'kutchulidwa pa wailesi: amalume amene sanaperekepo ngakhale ya sopo amatulukira mbali zonse.

Tsopano tibwere ku filimu ya 1987, Hachiko Monogatari, kutanthauza kuti nkhani ya Hachiko. Anaitsogolera a Seijiro Koyama, ndipo amene anailemba ndi a Kaneto Shindo. Dzina lachiwirili ndi lofunika kuliyang'anitsitsa. A Shindo sanali munthu wolemba nthano zogonetsera ana. Ndi iwo amene anapanga Children of Hiroshima mu 1952, yonena za ana otsala pa bomba lija, komanso The Naked Island mu 1960, yonena za banja losauka limene tsiku lililonse limasenza madzi kukwera phiri kukathirira mbewu. Moyo wawo wonse, mpaka kumwalira mu 2012 ali ndi zaka 100, ankajambula anthu apansi ndi mmene dziko limawapondera. Munthu wotere ukamupatsa nkhani ya galu wokhulupirika, usayembekeze kuti akupatsa shuga yekhayekha. A pulofesa anawasewera a Tatsuya Nakadai, omwe aja a mu Kagemusha ndi Ran za Kurosawa, ndipo mayi a pakhomo anali a Kaoru Yachigusa. Pa mafilimu onse opangidwa ku Japan, imeneyi ndi imene inapanga ndalama zambiri chaka chimenecho.

Theka loyamba la filimuyi likuyankha funso langa la miyezi 16 lija. Poyamba a pulofesa sindiwo ankamufuna galuyu. Ankamufuna ndi mwana wawo wamkazi, koma iye atapeza banja anachoka n'kumusiya, ngati mmene ana athu amasiyira nkhunda zimene analirira kuti tiwagulire. Bambo aja akanatha kumupereka kwa ena. Sanatero. Tikuwaona akumuchotsa utitiri mmodzimmodzi ndi manja awo, akusamba naye, akudzuka usiku kukugwa chimvula kukamulowetsa m'nyumba, mpaka mayi a pakhomo kuyamba kuchita nsanje ndi galu. Munthu wa ulemu wake, pulofesa wathunthu, wagwada pansi kufunafuna utitiri! Palibe paliponse pamene akumuphunzitsa galuyo kukhulupirika. Palibe chikwapu, palibe lamulo lakuti uzindidikira pa siteshoni. Iwo ndi amene anayamba kupereka, ndipo anapereka nthawi yawo, chinthu chimene munthu wotanganidwa amaumira kuposa ndalama.

Theka lachiwiri ndi limene limandisowetsa tulo. A pulofesa akugwa akuphunzitsa. Pa maliro galu akulowa m'nyumba n'kulira pamaso pa anthu onse, kenako akuthamangira galimoto yonyamula thupi. Apa owonera amayamba kufufuza mipango. Koma yang'anani zotsatira zake. Mayi akumupereka kwa achibale ku Asakusa; galu akuthawa n'kubwerera. Akumupereka kwa bambo wa maluwa uja. Mayi akubwerera kwawo ku Wakayama. Bambo wa maluwa akumwalira, mkazi wawo naye akulongedza katundu n'kuchoka. Mwana wamkazi uja, mwini galu weniweni, ali ndi banja lake ndi mavuto ake. Pamapeto Hachi alibe khomo. Ubweya wada, wawonda, akugona panja, ndipo amene akumuponyerako kanthu ndi wogulitsa kanyenya wa nkhuku pafupi ndi siteshoni, munthu amene analibe naye ngongole iliyonse.

Chimene a Shindo anachita mwaluso n'chakuti pa anthu onsewa palibe woipa. Palibe amene mungamuloze kuti mfiti ndi iyi. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka: nyumba yachepa, ndalama palibe, ndikusamuka, ndaferedwa. Aliyense akumusisita galuyo pamutu asanamusiye. Mukawafunsa mmodzimmodzi, aliyense akuuzani kuti ankamukonda Hachi, ndipo sakunama. Koma zifukwa zomveka zija zikaphatikizana, zotsatira zake ndi galu wokalamba akufa yekha pa chipale chofewa. Chithunzi chomaliza ndi chimenecho. M'maganizo mwake akuthamangira mbuye wake pakati pa maluwa a mitengo, koma kamera ikubwerera pa siteshoni, iye ali gone, anthu akungodutsa ndi ulendo wawo.

Dziwani kuti apa filimu inawonjezera dala. Hachi weniweni sanasowe khomo chotero. Banja la a Kobayashi linkamusunga mpaka imfa yake, ndipo chithunzi chilipo chimene anajambula tsiku limene anafa, mayi Yaeko ndi ogwira ntchito pa siteshoni atazungulira thupi lake. Ndiye kuti a Shindo ndi a Koyama anasankha okha kuwaumitsa mtima anthu a mu filimu kuposa mmene zinalili. Akanafuna kungotamanda galu sakanavutika ndi zonsezo. Ankafuna owonera atuluke akudzifunsa kuti pa mzere wa anthu opatsirana galu uja, iwo ali pati.

Chifukwa chake ndikuchiona m'mbiri ya dziko lawo. Taonani zaka zimene Hachi anatchuka. Mu 1931 asilikali a Japan analanda Manchuria, kumpoto kwa China. Chaka chomwecho boma linalengeza kuti galu wa mtundu wa Akita ndi chuma cha dziko choyenera kutetezedwa. Mu 1932 nkhani ya Hachi inatuluka m'nyuzipepala. Mu 1933 Japan anatuluka mu League of Nations. Dziko linali kukonzekera nkhondo yaikulu, ndipo linkafuna anyamata oti akauzidwa kuti pitani mukafe, apite osafunsa. Pa nthawi ngati imeneyo, galu wa mtundu weniweni wa Japan amene saiwala mbuye wake anali mphatso yogwa kumwamba. Anamutcha Chuken Hachiko, galu wokhulupirika Hachiko, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1930 nkhani yake inalowa m'buku la makhalidwe la ana a kupulayimale, pansi pa phunziro lakuti munthu asaiwale zabwino zimene wachitiridwa. Wolemba mbiri wina, Aaron Skabelund, anafotokoza bwino zimenezi m'buku lake la 2011 lotchedwa Empire of Dogs. Ana amene anawerenga phunzirolo ali ndi zaka 7 kapena 8, pofika kumapeto kwa nkhondo anali a msinkhu wovala yunifolomu.

Nanga boma limene linkaphunzitsa kukhulupirikalo, ilo linakhulupirika bwanji kwa Hachi? Mu 1944, zitsulo zitasowa, chiboliboli chake anachizula kuti akachisungunule chithandize pa nkhondo. Agalu a anthu wamba ankawasonkhanitsa n'kuwapha kuti zikopa zawo zikhale zovala za asilikali, moti mtundu wa Akita unatsala pang'ono kutheratu. A Teru Ando, amene anasema chiboliboli chija, anafa pa mabomba amene anagwa pa Tokyo mu 1945. A Shindo nawo analembedwa usilikali wa pamadzi mu 1944, ndipo pa gulu lawo anabwerako ochepa kwambiri. Munthu amene anaona zimenezo ndi maso ake sangalembe filimu youza ana kuti muzingodikira ndi kumvera.

Anzanga amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi, ndikukhulupirira kuti mwayamba kale kumva fungo lodziwika. Ifenso tinali ndi ngodya zinayi za Ngwazi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tinkaziloweza ngati matebulo a masamu. Mawu anayiwo paokha ndi abwino, palibe kholo limene lingawakane. Koma kukhulupirika kwake kunali koyenda njira imodzi, kuchoka pansi kupita pamwamba, ndipo amene anafunsa kuti nanga apamwambawo ali ndi ngongole yanji kwa ife, ambiri anakaonera ndende mkati. Mu referendamu ya June 1993 anthu anayankha okha. Ndiye ndikamamva mphunzitsi wachinyamata, wobadwa zonsezi zitatha, akuuza ana a Fomu 1 kuti khalani ngati Hachiko, thupi limandichita tsembwe pang'ono. Iye akunena ndi mtima wabwino. Koma mawu amenewo anagwirapo kale ntchito zina.

Ndikudziwa zimene ena a inu munene, chifukwa ndimazimva m'chipinda cha aphunzitsi. Wina anena kuti aphunzitsi, mukuikulitsa nkhani, ana a masiku ano alibe ulemu, sathokoza, ndiye kagalu kakawaliritsa pang'ono n'kuwaphunzitsa kuyamika, cholakwika n'chiyani? Ndikuvomera kuti kuyamika n'kofunika, ndipo mwana amene walira chifukwa cha galu mtima wake uli moyo. Mwina mawa sagenda galu wa aneba. Kwathu kuno, kumene galu amadya zotsala ngati zatsala, ndipo katemera wa chiwewe timamukumbukira mwana atalumidwa kale, phindu limenelo lokha si laling'ono. Koma kuyamika ndi yankho. Kumabwera pambuyo pa chinachake. Ukamauza mwana kuti aziyamika pamene sunamuchotsepo utitiri ndi kamodzi komwe, sunayang'anepo kope lake mwachifatse, sudziwa ngakhale kuti amagona kwa agogo chifukwa makolo anamwalira, ukufuna kukolola m'munda umene sunalime.

Winanso, makamaka anzathu a sayansi, anena kuti nkhani yonseyi ndi bodza lokoma, galuyo ankangotsata kanyenya. Mfundoyi si yatsopano, ku Japan komweko anthu akhala akuinena. Atafa anamung'amba, ndipo m'mimba mwake anapezamo timitengo 4 tobayira nyama ya nkhuku. Mu 2011 akatswiri a pa University of Tokyo anaunikanso ziwalo zake zimene zinasungidwa, ndipo anapeza kuti anali ndi khansa komanso njoka za mumtima zimene agalu amatenga kwa udzudzu. Timitengo tija sitinamuvulaze. Tsono kodi kanyenya akufotokoza zonse? Ine ndikuti ayi, chifukwa kudyetsedwa kwambiri kunayamba atatchuka mu 1932, pamene iye anali atapirira kale zaka za kupirikitsidwa pamalo pomwepo. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Komabe ngakhale titavomera kuti njala inalipo, chasintha n'chiyani? Ifenso timabwera kusukulu m'mawa uliwonse pa zifukwa ziwiri, ana ndi malipiro, ndipo palibe amene anganene kuti poti timalandira malipiro ndiye kuti ana sitiwakonda.

Chimene sindingavomere n'kumuveka galuyo maganizo a munthu. Hachi sanalumbire. Sanakhale pansi n'kuganiza kuti mbuye wanga anamwalira koma ine ndisunga pangano. Panalibe njira yomuuzira kuti sitima imene akuidikirayo sidzabwera. Kudikira kwake kunali chikondi chosakanikirana ndi kusadziwa, ndipo n'chifukwa chake kumapweteka kuonera. Munthu amadziwa. Mtsikana wa Fomu 4 amene chibwenzi chake chinapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, mayi amene akumenyedwa koma akuuzidwa kuti banja ndi kupirira, mnyamata amene akuthamangira galimoto ya wandale chifukwa cha tisheti, onsewa akumva kale mbali zonse kuti kudikira ndi ukoma. Safunika mphunzitsi wowonjezera galu pa mtolo umenewo.

Kuti muone kuti a ku Japan amaikonda nkhani yoloza anthu, onaninso filimu ina imene inatuluka zaka 4 Hachiko Monogatari isanabwere. Ndi Nankyoku Monogatari ya 1983, ya a Koreyoshi Kurahara, yodziwika kunja ndi dzina lakuti Antarctica. Nayonso ndi nkhani yoona. Mu February 1958 gulu la akatswiri a ku Japan linachoka pa malo awo ofufuzira a Showa, ku Antarctica, n'kusiya agalu 15 okoka katundu ali omangidwa pa tcheni, poganiza kuti gulu lina lifika posachedwa. Nyengo inaipa, gululo silinafike. Atabwerera mu January 1959 anapeza agalu 7 atafera pa tcheni pomwepo, ena atasowa, koma awiri, Taro ndi Jiro, ali moyo. Mu filimuyi a Ken Takakura akusewera mmodzi wa osamalira agaluwo, ndipo chimene akuchita atabwerera kwawo ndi chimene chimandigwira mtima: akusiya ntchito ya pa yunivesite n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kwa anthu amene anapereka agalu awo, kukapepesa. Sanali iye amene analamula kuti agalu atsale, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Koma akudziwa kuti tcheni anamanga ndi manja ake. Filimu imeneyi inakhala patsogolo pa mafilimu onse a ku Japan pa ndalama mpaka 1997. Lero Jiro ndi Hachi, zikopa zawo zitakonzedwa, ali m'nyumba imodzi yosungiramo zinthu, National Museum of Nature and Science ku Tokyo.

Za filimu ya Richard Gere sindinena zambiri. Ndi yokoma, anaitsogolera a Lasse Hallström, nkhani anaisamutsira ku katauni ka ku America ndipo pulofesa anamusandutsa wa nyimbo. Koma minga yambiri anaisadza. Anthu a m'tauni ija ndi okoma mtima kuyambira pachiyambi, ndipo nkhani yonse ikukambidwa ndi mdzukulu m'kalasi, pofotokoza za ngwazi yake. Ukamaliza kuonera umalira, n'kudzimva kuti ndiwe munthu wabwino. Ya 1987 ukamaliza umalira, n'kuyamba kuwerenga anthu amene unawasisita pamutu n'kuwasiya. A ku China nawo anapanga yawo mu 2023, yochitikira mumzinda wa Chongqing. Ngati mungathe kupeza imodzi yokha yoonetsa ana, pezani ya 1987, ngakhale kuti muyenera kuwerenga mawu a pansi.

Ndipo mukaonetsa, funso loti mulembe pa bolodi lisakhale lakuti tikuphunzira chiyani kwa Hachi. Afunseni ana kuti atchule anthu onse amene galuyu anadutsa m'manja mwawo, chifukwa chimene aliyense anapereka pomusiya, ndiponso ngati chifukwacho chinali chokwanira. Mudzaona mkangano wake. Ena adzaikira kumbuyo mayi wamasiye, ena adzadzudzula mwana wamkazi, ndipo pamzere wakumbuyo padzapezeka wina wonena kuti wogulitsa kanyenya yekha ndi amene anali munthu. Ana athu nkhani imeneyi akuidziwa kuposa ife. M'kalasi iliyonse muli ana amene bambo atamwalira anapita kwa amalume, amalume n'kuwatumiza kwa azakhali, azakhali n'kuwabweza kumudzi kwa agogo, aliyense ndi chifukwa chake chomveka. Mwana wotere akamaonera Hachi akuchoka ku Asakusa kubwerera ku nyumba imene mwalowa anthu ena, safuna womumasulira.

Kwa inu amene munachoka m'manja mwathu ndipo tsopano ndinu mabwana, ena m'mabanki, ena m'boma, ena kunja, funso lomweli likukukhudzani. Pakhomo panu pali mlonda amene wagona panja zaka 15. Pali mayi amene analera ana anu onse, wodziwa mankhwala a aliyense. Mumawatama kwa alendo kuti awa ndi okhulupirika kwambiri. Tsiku limene mudzasamuke, kapena limene mudzagwe kuntchito ngati a Ueno, iwowa adzapita kuti? Mwalembapo chilichonse? Ndipo anzathu amene anagwira choko zaka 30 n'kupuma, amene amakwera minibasi ndi mafayilo m'manja kukafunsa za ndalama zawo n'kuuzidwa kuti mubwerenso mwezi wamawa, pa mwambo wotsanzikana nawo tinawatamanso ndi mawu omwewo, kuti anatumikira mokhulupirika. Mawuwo satuma munthu kugolosale.

Ku Shibuya chiboliboli chinabwerera mu August 1948, chosema a Takeshi Ando, mwana wa amene anasema choyamba. Ndi chimene chilipo mpaka lero, khutu lakumanzere lili logwa monga analili Hachi atakalamba, ndipo ndi malo amene anthu a ku Tokyo amapanganirana akafuna kukumana. Pa 8 April chaka chilichonse pamachitika mwambo womukumbukira. Koma kwa zaka zonsezo galuyo anali yekha pa mwala. Mu March 2015, patatha zaka 80 chifereni Hachi, a gawo la zaulimi pa University of Tokyo anaimika chiboliboli china pasukulu pawo. Pamenepo pali awiri: a Ueno atavala chipewa ndi chikhoti, chikwama atachiika pansi, awerama, ndipo galu waimirira ndi miyendo yakumbuyo kuwalumphira. Mayi Yaeko, amene anamwalira mu 1961, anali atapempha kuti adzawaike pamodzi ndi amuna awo, koma pempholo silinatsatidwe. Mu May 2016, mabanja awiriwo atagwirizana, gawo la phulusa lawo analipititsa ku manda a Aoyama, pamene pagona a Ueno ndi pamene pali kamwala ka Hachi pambali pake. Iwo anadikira zaka 55.